Kuthira reverb pa mawu a woyimba popanda kuwamiza: mmene ndimachitira m'kachipinda kanga ku Chilomoni

Woyimba aliyense amene amabwera kudzajambula kwathu, akangovala mahedifoni n'kudzimva kamodzi, pempho lake loyamba limakhala lomwelo: "Akulu, tawonjezani eko." Ndimamumvetsa. Munthu ukamva mawu ako ali owuma, umamva kupuma kulikonse ndi kunjenjemera kulikonse, ndiye manyazi amakugwira. Eko imaphimba zonsezo. Vuto ndi lakuti imaphimbanso uthenga wa nyimboyo, ndipo munthu amene ali mu minibasi ya ku Bangwe, injini ikulira, kondakitala akuitanira, sadzalimbana nayo nyimbo imene sakumva chimene ikunena. Zimene ndalemba panozi ndi njira imene ndimatsata kuti mawu akhale ndi malo okoma okhalamo koma liwu lililonse lizimveka.

Tisiyanitse kaye zinthu ziwiri zimene tonse timangoziti eko. Mukafuula moyang'anizana ndi thanthwe kuphiri la Soche, mawu anu amabwerera athunthu ndipo mutha kuwerenga kuti abwera kangati. Imeneyo ndi delay. Koma mukakhala m'tchalitchi cha St Michael and All Angels, chija chinamangidwa ndi njerwa pakati pa 1888 ndi 1891, kwaya ikatseka pakamwa pa "Amen" pamatsala kamvekedwe kolendewera m'mwamba, kakuzilala pang'onopang'ono. Mawu agunda makoma, zipilala, denga ndi pansi kambirimbiri mpaka asanduka chinthu chimodzi. Imeneyo ndiye reverb. Ziwirizi ntchito zake n'zosiyana, ndipo tizigwira padera.

1. Yambani ndi chipinda, kompyuta ibwera pambuyo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa nyimbo zambiri zimene anzanga amanditumizira kuti ndiwakonzere zimakhala zitawonongeka asanatsegule pulagini (kapulogalamu kokonzera mawu) ina iliyonse.

Nyumba zathu zambiri ku Ndirande, ku Chirimba, ku Zingwangwa ndi kwina ndi za makoma a pulasitala, pansi pa simenti, pamwamba malata. Zonsezi zimabweza mawu. Imani pakati pa chipinda chanu, ombani m'manja kamodzi mwamphamvu, mumvetsere. Mukamva kakulira kakuthwa kakutsatira kuomba kwanuko, dziwani kuti maiki yanu imakamvanso. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. M'chipinda cha mamita atatu, amapita kukhoma n'kubwerera pasanathe 20 ms, ndipo sekondi imodzi ili ndi 1,000 ms. Kufulumira kumeneko kumachititsa kuti mawu obwererawo amatirire pa mawu enieni, ndipo mukadzathira reverb yanu yabwino pamwamba pake, zimakhala ngati kupaka penti pakhoma lonyowa.

Mankhwala ake si odula. Tengani matiresi a thonje kapena a siponji yokhuthala, muwaimike kumbuyo kwa woyimba. Ambiri amawaika kumbuyo kwa maiki, koma maiki zambiri zojambulira mawu zimamva kwambiri kutsogolo kwake, kutanthauza kuti zimamva woyimbayo pamodzi ndi khoma limene lili kumsana kwake. Khoma limenelo ndilo loyamba kuphimba. M'mbali pachikani mabulangete okhuthala, osawamata kukhoma, musiye mpata wa chikhatho. Pansi yalani kapeti kapena mphasa ndi bulangete pamwamba. Ngati muli ndi wodilopu yodzaza zovala, itsegulani, ndi yothandiza kuposa mmene mungaganizire. Mathireyi a mazira amene ambiri amakhoma m'makoma ndi opyapyala kwambiri, sagwira mawu amene amavutitsawo, ndipo ine ndinawachotsa kalekale. Musaimike woyimba pangodya ya chipinda, mawu apansi amaunjikana pamenepo.

Pakamwa pa woyimba patalikirane ndi maiki masentimita 15 kapena 20. Pakati pake pakhale pop filter, kansefa kotchinga mpweya wochokera m'kamwa, ndipo kwa ife oyimba m'Chichewa ichi si chokongoletsa. Tili ndi ph, th ndi kh, zilembo zotulutsa mpweya wambiri. Nenani "mphepo ya kuphiri" dzanja lili pafupi ndi pakamwa, mumva mpweya ukugunda. Mpweya umenewo ukamenya maiki umamveka ngati chibakera, ndipo reverb imachitalikitsa chibakeracho. Ngati mulibe yogula, pindani waya wa hang'ala mozungulira, muvekepo sokosi yopyapyala ya nayiloni.

Nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, musakakamize kujambula madontho akugunda malata. Dikirani ikate. Mukamva kakulira kapansi kosalekeza, kawirikawiri ndi magetsi, poti athu kuno ndi a 50 Hz (Hz ndi muyeso wa kunjenjemera pa sekondi: nambala ikachepa mawu ndi apansi, ikakula ndi apamwamba). Yesani kuzula chaja ya laputopu mujambule ndi batire, nthawi zambiri kamatha pomwepo. Jambulani pa 24 bit, ndipo woyimba akakweza mawu kwambiri mita yoonetsa kukwera kwa mawu isapitirire -6 dB (dB ndiwo muyeso wake). Mawu akagunda pofiira n'kusweka, palibe chimene chingawabwezeretse bwinobwino.

Tsono pempho lija la eko. Mpatseni woyimbayo m'mahedifoni mwake kuti amasuke, koma isajambulidwe pamodzi ndi mawu. Ikhalenso yochepa, chifukwa ikachuluka woyimba samadzimva bwino ndipo amayamba kuphonya kiyi.

2. Tsukani mawu musanawapatse reverb

Reverb imachulukitsa chilichonse chimene mwaipatsa, chabwino ndi choipa chomwe. Ndiye dulani malo onse amene woyimba sakuyimba: pamene ankameza malovu, pamene pepala linakhwekhwereza, pamene tambala wa aneba analira. Kupuma kwake musakuchotse konse, munthu wosapuma samveka ngati munthu, ingokutsitsani. Ngati pali mzere umene anayimba mokweza kuposa ina, utsitseni pamanja kuti mizere yonse ikhale pafupipafupi.

Mukatero ikani EQ, chida chochepetsera kapena kukwezera mawu apansi, apakati ndi apamwamba. Dulani zapansi zonse kuyambira 80 kapena 100 Hz kutsika ngati ndi mwamuna, cha pa 120 Hz ngati ndi mkazi. Kenako fufuzani pakati pa 200 ndi 400 Hz, m'mene mumakhala kamvekedwe kaja kokhala ngati munthu akuyimbira m'katoni, muchepetse ndi 2 kapena 3 dB. Kompresa, imene imatsitsa yokha mawu akakwera kwambiri, ibwere pambuyo pake: ratio ya 3:1 kapena 4:1, izitsitsa pakati pa 3 ndi 6 dB pamene wakweza mawu. Pomaliza de-esser, yofewetsa kakuthwa ka s ndi ts, pakati pa 5 ndi 8 kHz (1 kHz ndi 1,000 Hz). Nayonso ndi yofunika kwambiri pa chilankhulo chathu. Mawu ngati "tsiku", "kupsa", "dzuwa", "tchimo" ali ndi kakuthwa kamene kakalowa mu reverb kamamwazika ngati madzi othira m'mafuta otentha.

Ngati mukufuna kuwongola kiyi ndi Auto-Tune, ya kampani ya Antares imene inatuluka mu 1997, kapena ina yonga iyo, iikeni koyambirira, patsogolo pa zonsezi. Onetsetsani kuti mwasankha kiyi yeniyeni ya nyimboyo. Ikalakwika, imakokera woyimba ku manotsi olakwika ngakhale iye anayimba bwino.

3. Reverb ikhale ndi tchanelo chakechake

Ichi ndi chimene chinasintha ntchito yanga kuposa china chilichonse. Kale ndinkaika reverb pa tchanelo chomwecho cha mawu, n'kumapotoza batani la wet (mawu a reverb) ndi dry (mawu owuma). Mawu ankathawira kutali ndipo sindinkadziwa chifukwa chake.

Njira yabwino ndi yotumiza. Mu FL Studio, pulogalamu imene ambiri timagwiritsa ntchito, chitani chonchi. Sankhani tchanelo chopanda kanthu mu mikisa, muchipatse dzina loti reverb. Ikanipo Fruity Reeverb 2, mutsitse dry mpaka ziro, wet ikhale pamwamba. Kenako dinani tchanelo cha mawu a woyimba, ndipo chili chosankhidwa choncho, dinani kamuvi kamene kali pansi pa tchanelo cha reverb chija. Patuluka kabatani kozungulira kotchedwa send, ndiko koyezera kuchuluka kwa mawu amene akupita ku reverb. Mu Cubase ndi Studio One mumatsegula FX channel, mu Reaper mumatumiza ku thiraki ina, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Mukatero mawu owuma amakhalabe kutsogolo, athunthu, ndipo reverb imayenda pambali pake ngati mthunzi. Mutha kuikonza payokha osakhudza woyimbayo. Mutha kutumizanso mawu othandizira, sineya ndi gitala ku reverb yomweyo kuti zonse zimveke ngati zili m'nyumba imodzi. Komanso laputopu yakale imapuma, chifukwa reverb imodzi siilemetsa ngati zisanu ndi zitatu.

4. Mtundu wake

Mukatsegula ma preset mupeza mayina ambiri, koma amene mungawafune ndi anayi. Room ndi kachipinda, yaifupi, yabwino pa rap ndi dancehall. Hall ndi holo yaikulu, ya kwaya ndi nyimbo zodekha zopembedza. Spring ili ndi kakunjenjemera kachitsulo kodziwika mu reggae ndi pa magitala. Plate ndi imene ndimayamba nayo pa woyimba wotsogolera pafupifupi nthawi zonse. Dzinali linachokera ku makina enieni: EMT 140, imene inapangidwa ku Germany mu 1957, inali chitsulo chachikulu chopyapyala cholendewera m'bokosi, chimene ankachinjenjemeretsa ndi mawu n'kujambula kunjenjemerako. Poti si chipinda chenicheni, plate imawalitsa mawu osamukankhira woyimba kumapeto kwa holo.

Musavutike kusaka mapulagini obedwa pa intaneti, ambiri amabwera ndi mavairasi. Reverb imene inabwera ndi pulogalamu yanu ndi yokwanira. Ngati mukufuna ina yaulere, Valhalla Supermassive ndi yabwino, koma ndi yaikulu zedi, yoyenera pa malo apadera m'nyimbo, osati pa vesi yonse.

5. Mabatani awiri amene amaweruza mlandu: pre-delay ndi decay

Mabatani enawo mutha kuwasiya mmene alili, koma awiriwa ayi.

Decay ndi kutalika kwa mchira, nthawi imene reverb imatenga kuti izilale. Pre-delay ndi kampata kamene kamadutsa woyimba atatulutsa liwu reverb isanayambe. Kampata kameneka ndi kamene kamapulumutsa mawu. Pre-delay ikakhala pa ziro, reverb imagwera pa liwu lomwelo n'kuliphimba. Ikakhala pa 30 kapena 40 ms, khutu limayamba lagwira liwulo, kenako n'kumva chipinda.

Pali chifukwa chimene ife tiyenera kusamala kuposa oyimba m'Chingerezi. Mawu a Chichewa amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo mkati mwakenso zilembo zimenezi zili paliponse. Ndi zomwe zili ndi mphamvu, ndi zomwe zimadzaza reverb. Tengani mzere woti "ndidzakuyembekezera pakhomo". Chimene chimasiyanitsa mawuwo ndi timalembo tating'ono ta pakati, dz, k, mb, z, kh, ndipo n'tofooka poyerekeza ndi ma e otsatizanawo. Mchira wa reverb ukatalika, ma e amalumikizana kukhala mtsinje umodzi, timalemboto n'kumira. Womvera amangomva kuyimba kokoma koma sagwira liwu. Nyimbo za kunja zimene mumasirira zitha kunyamula mchira wautali chifukwa mawu awo ambiri amadukira pa t, k kapena p. Musatengere manambala awo mwachimbulimbuli.

Pali kasamu kophweka kothandiza. Tengani 60,000 mugawe ndi BPM ya nyimbo yanu (kuchuluka kwa kugunda kwa biti pa mphindi imodzi), yankho lake ndi kutalika kwa kugunda kumodzi mu ms. Nyimbo ya 100 BPM, kugunda kumodzi ndi 600 ms. Theka lake ndi 300, theka linanso 150, kenako 75, kenako 37.5. Pa pre-delay ndimasankha pakati pa ziwiri zomalizazo: 37.5 ngati woyimba akuthamanga, 75 ngati akukoka mawu. Pa decay ndimawerenga kugunda kuwiri kapena kutatu, kutanthauza masekondi 1.2 kapena 1.8. Ya 112 BPM, liwiro lofala pa amapiano, kugunda kumodzi ndi 536 ms, ndiye pre-delay ingakhale cha pa 33 kapena 67 ms.

Poyambira pabwino ndi apa: rap, decay ya masekondi 0.6 mpaka 1; nyimbo zovinika za afro, 1.2 mpaka 1.6, nyimbo yodekha yopembedza, 2 mpaka 2.5. Koma khutu ndilo liweruze. Mvetserani pamene mzere umodzi wathera ndi pamene wina ukuyambira. Mchira uzikhala utazilala, kapena utatsala pang'ono, woyimba asanatsegulenso pakamwa. Ukalowerera mu mzere wotsatira, fupikitsani.

6. Isefeni reverb

Pa tchanelo cha reverb, ikani EQ patsogolo pa reverbyo, kuti mawu azisefedwa asanalowe. Njira yodziwika kwambiri imatchedwa ndi dzina la situdiyo ya Abbey Road ya ku London: kudula zonse zapansi pa 600 Hz ndi zonse zapamwamba pa 10 kHz. Zapansi zikalowa mu reverb zimachita matope ndipo zimalimbana ndi besi ndi kiki. Zapamwamba ndi zija zomwaza s ndi ts.

Ine sinditsata manambalawo ndendende. Pa mawu a mwamuna a besi, 600 Hz nthawi zina imasiya reverb yowonda kwambiri, ndiye ndimatsika mpaka 350 kapena 400. Pamwamba ndimadula kwambiri, mpaka 7 kHz, makamaka ngati tajambula ndi timaiki totchipa tija ta BM-800 timene timakhala takuthwa kale. Reverb yoderako imakhala kumbuyo mwaulemu, yowala imalimbirana malo ndi mwini nyimbo.

7. Kuchuluka kwake

Chaka china ndinajambula amayi a kwaya ya mpingo wina wa ku Machinjiri. Anabwera khumi ndi awiri, tinawajambula anayianayi chifukwa cha kuchepa kwa malo. Ndinkafuna kuwasangalatsa, ndiye ndinawapatsa hall ya masekondi anayi kuti amveke ngati ali m'tchalitchi chachikulu. Usiku wonse ndinkaimvera m'mahedifoni ndikukhutira. M'mawa mtsogoleri wawo, mayi wachikulire, anakhala pampando, zikhatho pamaondo, n'kumvetsera nyimbo yonse osayankhula. Itatha anandiyang'ana.

"Mwanangu, mwagwira ntchito, tikuthokoza. Koma mawu athu mwawapititsa kuti?"

"Alipo amayi, ndangowakometsera pang'ono."

"Iyayi. Ife tinapeka nyimboyi kuti munthu wofedwa akaimva atonthozeke. Nanga atonthozeka bwanji asakumva chimene tikumuuza?"

Ndinapepesa, ndinatsitsa decay kufika pa masekondi awiri, ndinachepetsanso kuchuluka kwake iwo ali pomwepo. Vesi yoyamba isanathe anayamba kuyimba motsatira chapansipansi, akugwedeza mutu.

Kuchokera tsiku limenelo ndimayeza motere. Tsitsani fader ya reverb, chokwezera voliyumu ya tchanelo chake, mpaka pansi. Lizani nyimbo yonse, biti ndi mawu pamodzi, osati mawu okha, chifukwa reverb imene ikumveka yochuluka pa mawu okha itha kusowa biti ikalowa, ndipo nthawi zina zimachitika mosemphana. Kwezani pang'onopang'ono mpaka mutayamba kuimva bwinobwino. Pamenepo bwererani m'mbuyo ndi 2 kapena 3 dB. Kenako izimitseni n'kuiyatsanso nyimbo ikulira. Ngati mukaizimitsa mawu akuoneka amaliseche, koma mukaiyatsa simukuiloza kuti ndi iyi, mwafika. Chitani zimenezi voliyumu ili pansi, poti mutha kucheza ndi mnzanu osakweza mawu. Mahedifoni amanamiza pa nkhani imeneyi, ndiye mukamaliza yesaninso pa masipika.

Kuchuluka kumeneku sikuyenera kukhala kumodzi nyimbo yonse. Pa vesi, pamene nkhani ikufotokozedwa, ndimasiya mawu pafupi. Kolasi ikafika ndimakweza send ndi 2 dB kudzera mu automation, njira youzira pulogalamu kuti izisuntha batani yokha nyimbo ikafika pamenepo, ndipo nyimbo imatseguka ngati mwatuluka m'nyumba kupita pabwalo.

8. Delay, imene nthawi zambiri imagwira ntchito kuposa reverb

Nyimbo ikakhala yothamanga, ya zida zambiri, reverb imasowa pokhala. Apa delay ndiye bwenzi. Nayo ipatseni tchanelo chake, mofanana ndi mmene tachitira.

Yoyamba ndi slapback: mawu amabwerera kamodzi kokha, pakati pa 80 ndi 120 ms, feedback (batani loyezera kuti mawu abwerere kangati) pa ziro. Mukaiika pansi kwambiri simuimva ngati eko, mumangomva kuti mawu anenepa. Pa rap ya Chichewa, imene mawu amathithikana, nthawi zina ndimagwiritsa ntchito slapback yokha ndi ka room kochepa, basi.

Yachiwiri ndi yoyenda ndi biti. Mu Fruity Delay 3 yatsani tempo sync kuti izitsatira BPM yokha, kapena bwererani ku kasamu kaja: pa 100 BPM, 600 ms, 300 ms, kapena 450 ms ngati mukufuna kakudumpha kaja kokoma. Feedback ikhale yoti mawu abwerere kawiri kapena katatu. Isefeni kwambiri kuposa reverb, dulani pansi pa 400 Hz ndi pamwamba pa 4 kHz, kuti obwererawo asafanane ndi enieni. Mutha kutumizanso kachigawo kochepa ka delay ku reverb kuti m'mphepete mwake mufewe.

Musaisiye ikulira nyimbo yonse. Sankhani liwu lomaliza la mzere, pamene pali mpata pambuyo pake, mukweze send pa liwu lokhalo n'kutsitsanso. Woyimba akati "usandisiye", mpata umene watsalawo udzazidwe ndi "siye, siye" akuzilala. Malo atatu kapena anayi m'nyimbo yonse ndi okwanira.

9. Reverb izipatuka woyimba akamayimba

Ngati mukufunabe mchira wautali koma mawu azimveka, pali njira. Pa tchanelo cha reverb, pambuyo pa reverbyo, ikani kompresa imene ikumvera mawu a woyimba kudzera mu sidechain, kutanthauza kuti mawu a woyimbawo ndi amene aziiuza nthawi yotsitsa reverb. Mu FL Studio, Fruity Limiter ili ndi mbali ya COMP imene imachita zimenezi. Tsitsani threshold (mlingo umene kompresa imayambira kugwira) mpaka reverb izitsika ndi 3 kapena 4 dB woyimba akamayimba, release (nthawi imene imatenga kuti imasule) ikhale cha pa 200 mpaka 300 ms. Iye akayamba, reverb imagwada. Akasiya, imadzuka n'kudzaza mpatawo. Mukapyola muyeso imamveka ngati ikupuma wefuwefu, ndiye bwezani threshold m'mwamba pang'ono. Delay nayo mutha kuichita chimodzimodzi.

10. Mawu othandizira ndi biti yogula

Othandizira apatseni reverb yochulukirapo kuposa wotsogolera, muwatayire kumanzere ndi kumanja, muwadulenso zapamwamba pang'ono. Akatero amakhala kumbuyo okha popanda kuwatsitsa kwambiri. Ngati mukufuna mawu a kolasi anenepe, woyimba ayimbenso kachiwiri ndi kachitatu. Kukopera thiraki yomweyo n'kuimata pansi kumangokweza voliyumu.

Achinyamata ambiri amabwera ndi biti ya MP3 pa fulashi kapena pa foni, yomalizidwa kale, yofinyidwa mpaka kumapeto. Musalimbane nayo pokweza mawu. Itsitseni ndi 6 dB poyamba, ndipo ngati ikuphimbabe woyimba, ichepetseni ndi 2 dB pakati pa 2 ndi 3 kHz. Mvetserani sineya yake: ngati ili ndi mchira waufupi, mawu anunso akhale ndi waufupi, apo ayi zimveka kuti woyimba ndi biti sanakumanepo.

11. Tulukani nayo m'chipindamo

Anthu amene mukuwapangira nyimboyi sadzaimvera pa masipika a situdiyo. Adzaimvera pa foni, pa kasipika ka Bluetooth pa shopu ya ku Mbayani, pa wailesi kukhitchini, mu minibasi yochoka ku Limbe. Zambiri mwa zimenezi zili ndi sipika imodzi. Choncho musanatulutse, sandutsani master, tchanelo chimene mawu onse amathera, kukhala mono, kuti kumanzere ndi kumanja zikhale chimodzi, mumvetsere. Mu FL Studio ndi batani la stereo separation pa tchanelo cha master. Reverb imene inali m'mbali imabwera pakati, pamene pali woyimba. Ngati mawu achita chifunga, chepetsani decay kapena send. Mukatha musaiwale kubweza batanilo.

Kenako itumizeni ku foni yanu. Pa WhatsApp tumizani ngati document kuti fayilo ifike mmene ilili. Imvereni panja, phokoso la mumsewu lilipo. Ine ndimaitananso munthu amene sanaimvepo nyimboyo, kawirikawiri mlongo wanga, n'kumupempha andiuze mawu a vesi yoyamba atangoimva kamodzi. Pamene wakakamira ndimalembapo, n'kubwerera pa mzere womwewo kukaona ngati vuto ndi reverb, delay kapena biti.

Makutu amatopa, ndipo akatopa amapempha reverb yambiri ndi zapamwamba zambiri. Pakatha mphindi 45 dzukani, mukamwe madzi. Chigamulo chomaliza chipangeni m'mawa, musanamvere nyimbo ina iliyonse. Sungani ntchito yanu pafupipafupi, ndipo muzisunga ndi mayina osiyana, mikisi 1, mikisi 2, kuti magetsi akathima mwadzidzidzi kapena mukasokoneza zinthu mukhale ndi pobwerera.

Potulutsa, sankhani WAV kuti mukhale ndi yosunga, MP3 ya 320 kbps ikhale yogawa. Mu FL Studio yang'anani pamene palembedwa Tail, musankhe Leave remainder. Mukasiya pa Cut remainder, nyimbo imadukira pamene kugunda komaliza kwathera, ndipo mchira wa liwu lomaliza, umene mwaukonza tsiku lonse, umadulidwa pakati.